Mabawuti Akaphonya Mabowo, Alipire Ndani?

Lole inafika ku Chirimba cha m'ma 9 koloko m'mawa, itayenda masiku angapo kuchokera kudoko la Beira, kudzera ku Tete ndi pachipata cha Mwanza. Inanyamula makina ofinyira mafuta ophikira kuchokera ku soya ndi mpendadzuwa, okutidwa ndi mapulasitiki, fumbi lili mbuu. Kereni tinali titabwereka kale, ndipo mwini wake ankatiwerengera ndalama pa ola. Anyamata anamanga zingwe, chimakina chija chinanyamuka pang'onopang'ono, n'kulowa pakhomo lalikulu, n'kuyamba kutsikira pa konkiriti imene tinathira milungu isanu m'mbuyomo. Pa konkiritipo panali patatuluka mabawuti asanu ndi atatu, onenepa ngati mkono wa mwana, akudikira kulowa m'mabowo a kunsi kwa makinawo.

Anayi analowa. Anayi enawo anaphonya ndi zala ziwiri zokha.

Kapitawo anavula chipewa n'kukhala pansi. Mwini fakitale, bambo wachikulire amene anayamba ndi chigayo chimodzi ku Bangwe, anandiitanira pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, pamenepa walakwa ndani?" Ndinati, "Bambo, tiyeni tikaone mapepala." Tinakaonadi. Womanga anatsatira pulani ya injiniya mpaka pa milimita. Injiniya anatsatira chojambula chimene ogulitsa makina anatumiza poyamba. Ogulitsa makinawo anatisonyeza timawu tapakona ya chojambulacho tonena kuti n'chongoyembekezera, ndipo chenichenicho anali atatumiza pambuyo pake ku imelo ya bambo aja, amene sankadziwa kuti chasintha. Aliyense mwa atatuwa anali ndi pangano lake ndi mwini fakitale, koma pakati pa iwo okhaokha panalibe pepala ngakhale limodzi. Ndiye kereni, kuboola konkiriti, mabawuti atsopano ndi milungu itatu yotayika, zonse zinagwera bambo aja.

Ntchito yanga ndi yowerengera mtengo wa zomangamanga. Pamalo a ntchito amangonditchula kuti a QS, ndipo ndinaiphunzira ku Poly pa Chichiri, pamene lero akuti MUBAS. Pa ntchito ija matumba a simenti ndinawawerenga mpaka lomaliza, koma funso lakuti ndani akuyang'anira malire a pakati pa womanga ndi wa makina sindinalifunse, ndipo zimandiwawabe. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akabwera kwa ine kuti akufuna kumanga fakitale ku Makata, ku Maone kapena ku Mapanga, sindiyamba ndi mtengo. Ndimayamba ndi kumufunsa kuti zinthu zikadzavuta, akufuna kuti vuto lililonse lidzagwere ndani. Kusankha mtundu wa kontirakiti n'kumeneko.

Aliyense amene anamangako nyumba ku Machinjiri, ku Chileka kapena ku Mpemba akuidziwa kale nkhaniyi. Mukhoza kulemba mmisiri wa patsiku, ndipo akamachedwa wolira ndinu. Mukhoza kugwirizana naye za leba gawo ndi gawo, faundeshoni mwakuti, kufika pawindo mwakuti, lintala, denga, zipangizo muzigula nokha. Ameneyu amathamanga, koma simenti ikakwera mtengo sizimukhudza. Kapena mukhoza kumupatsa zonse kuti mudzangolandira makiyi. Wa makiyiyu amatchula mtengo wokwera chifukwa wasenza nkhawa zanu, ndipo akaona kuti aluza, mchenga umayamba kuchuluka mu simenti inu muli kuntchito. Ku mafakitale njira zake n'zomwezi, zangovala mayina aakulu. Chosiyana n'chimodzi: nyumba yogona imamangidwira anthu, amene amatha kuzolowera khomo lopendekeka, pamene nyumba ya fakitale ndi chovala cha makina, ndipo makina sazolowera kanthu. Kulemera kwake, kunjenjemera kwake, polowera magetsi ndi potulukira madzi, ndi zimene zimalamula khoma.

Ndikamadutsa pa HHI ndimaiyang'ana tchalitchi ya St Michael and All Angels, imene M'busa David Clement Scott anamanga ndi amisiri akonkuno kuyambira 1888 mpaka 1891 popanda mapulani ojambulidwa ngati a masiku ano. Zinatheka chifukwa woganiza, woyang'anira ndi mwini ntchito anali pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, njerwa ankaumba pafupi pomwepo, ndipo sankadikira chimakina chochokera kutsidya kwa nyanja. Fakitale ya lero ili ndi eni nzeru ambiri okhala m'mayiko osiyana, ndipo chowamanga pamodzi ndi pepala basi.

Njira imene amisiri ambiri a mu Blantyre anakulira ndi yoyamba kujambula kenako n'kuitana tenda. Mwini ntchito amalemba injiniya ndi wojambula mapulani, a QS amalemba mndandanda wa ntchito yonse umene timautcha BOQ, kukumba dothi makyubikimita mwakuti, zitsulo matani mwakuti, mabuloko mwakuti, ndipo makontilakitala amaika mitengo yawo pamzere uliwonse. Ntchito ikamayenda timayeza zimene zachitikadi n'kulipira zomwezo. Bungwe la mainjiniya la FIDIC, lomwe lili ku Geneva, lili ndi mabuku a mapangano amene timawatchula ndi mitundu ya zikuto zake, ndipo la njira imeneyi ndi lofiira. Ndimaikonda pa ntchito zapansi, chifukwa dothi la Blantyre silidziwika ndi maso. Pa puloti imodzi mbali ina mumakumana ndi thanthwe mutangokumba mita imodzi, mbali inayo n'kupeza dambo lofewa, makamaka kufupi ndi mtsinje wa Mudi umene umadutsa ku Makata. Mukauza kontilakitala kuti atchule mtengo umodzi pa dothi limene sanalione, amangolota. Akalota mokweza mwaluza inu, akalota motsitsa mudzakangana. Kuli bwino kulipira anthu oyeza dothi ntchito isanayambe, kenako n'kulipira thanthwe lenileni limene latuluka.

Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa, pakuti simungaitane tenda mapulani asanathe, komanso imakopa anthu kusankha wotchipa kwambiri. Maofesi a boma amamangika ndi lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma loyang'aniridwa ndi PPDA, koma mwini fakitale ndalama ndi zake, palibe womukakamiza. Komabe ndaona ambiri akuthamangira mtengo wotsika kuposa yonse osafunsa kuti mnzathuyu wasiya chiyani. Wotchipa mopitirira muyeso amadziwa kuti adzabweza ndalama zake pa zosintha, ndipo pa fakitale zosintha sizilephera, chifukwa zojambula za makina zimabwera mochedwa. Ndi njira imeneyi imene inatigwetsa ku Chirimba.

Njira inayo ndi ya makiyi ija. Kampani imodzi imajambula, kugula zipangizo ndi makina, kumanga, kuyesa, n'kukupatsani fakitale ikulira. Pa mapepala amalemba kuti EPC, ndipo mabuku ake a FIDIC ndi lachikasu ndi lasiliva. Ubwino wake ukuonekeratu: mabawuti akaphonya, mukudziwa khomo logogoda. Taonani zimene zinachitika pokonzanso malo opangira magetsi a Nkula A pa mtsinje wa Shire, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966. Pa ntchito imene inalipiridwa ndi thandizo la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation n'kutha mu 2018, kampani ya Andritz ya ku Austria, yodziwa makina, ndi Mota-Engil ya ku Portugal, yodziwa konkiriti, zinalowa ngati gulu limodzi, ndipo mphamvu inakwera kuchoka pa mamegawati 24 kufika pafupifupi 36. Ku Tedzani IV, komwe kunatsegulidwa mu 2021 ndi thandizo la Japan, Mitsubishi inagwira ntchito limodzi ndi Calik Enerji ya ku Turkey. Phunziro limene ine ndimatolapo n'lakuti wa makina ndi wa konkiriti akamangidwa chingwe chimodzi, mkangano wawo amakathetsera kwawo.

Koma musaganize kuti wa makiyi akasaina inu mukagone. Iye adzakupatsani zimene munalemba, osati zimene munkaganiza. Mukangolemba kuti mukufuna fakitale yoyenga mafuta, adzabweretsa yoyenga mafuta, kaya ikudya magetsi ochuluka bwanji. Muyenera kulemba kuti izifinya matani angati pa ola, mafuta otsalira m'gaga asapitirire pati, ndipo ndalama yomaliza mudzapereka makina atayenda masiku angapo osaima, akugwiritsa ntchito soya wathu wakonkuno, osati woyesera wa kwawo. Muyenera kulembanso za Blantyre weniweni. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo jenereta ikakwera chotere mphamvu yake imatsikako. Magetsi amazima ndipo amabwera modumphadumpha. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anaonongera damu la Kapichira mu January 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi ambiri a mumzinda amachita kupopedwa kukwera phiri kuchokera ku Walker's Ferry, choncho magetsi akavuta nawonso amavuta. Injiniya wokhala ku Mumbai kapena ku Shanghai sangazilote zimenezi. Ndipo funsani za zipangizo zosinthira: beringi ikatha, kodi ipezeka ku Ginnery Corner, kapena fakitale idzaima mwezi kudikira ndege? Eni ake a FIDIC amachenjeza kuti buku lasiliva si loyenera pamene opikisana alibe nthawi yokwanira yofufuza, kapena pamene ntchito yambiri ili pansi panthaka posaoneka. Anthu amalikondera poti limalonjeza mtengo wosasintha.

Pamenepa ndiye pagona nkhani yathu ya kuno. Mawu akuti mtengo wosasintha amakoma m'khutu, ndipo mabanki obwereketsa ndalama amawakonda kuposa ife tonse. Koma wosasintha mu ndalama iti? Mu May 2012 kwacha inagwa. Mu May 2022 inatsitsidwanso ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pa K1,180 n'kudzuka ili pa K1,700. Tsono ganizirani kontilakitala amene anasaina mu September chaka chimenecho kuti amanga shedi yazitsulo pamtengo umodzi wa makwacha. Zitsulo zikuluzikulu za denga, nthambo za magetsi, mapampu, utoto wapansi, zambiri mwa izi zimachokera ku South Africa kapena kutali kuposa apo, ndipo dizilo wa lole yobweretsa kwale amatsatira dola yomweyo. Pepala likuti vutolo ndi lake. Koma munthu sangalipire ndalama imene alibe. Amachepetsa antchito, amasamutsa makina ake usiku kupita ku ntchito ina imene ikulipira, foni n'kuyamba kusayankhidwa. Mwini ntchito amatsala ndi pepala lolimba kwambiri ndi nsanamira zazitsulo zikuchita dzimbiri pamvula. Akapita kukhoti akhoza kupambana, koma patapita zaka, ndipo ngongole ya kubanki siidikira chigamulo.

Ine ndimaumirira zinthu ziwiri, ngakhale eni ntchito amayamba andikwiyira. Choyamba, mtengo ugawidwe pawiri: za kuno monga leba, mchenga, kwale ndi mabuloko zikhale m'makwacha, zochokera kunja ziwerengedwe pa dola kapena pa randi. Chachiwiri, ntchito ikakhala yopitirira miyezi ingapo, pakhale ndime yosinthira mitengo, yogwirizana pasadakhale kuti simenti, zitsulo ndi dizilo zikakwera tiziwerengera motani. Bambo wina anandifunsa kuti, "Ndiye ine ndapindulanji ngati mtengo uzisintha?" Ndinawayankha kuti mtengo udzasintha ndithu, kaya alembe kaya asalembe, chimene akusankha n'chakuti usinthe poyera ndi masamu ogwirizana, kapena usinthe mobisa ndi chitsulo chopyapyala. Palinso funso la amene adzapeze ndalama zakunjazo. Kukhala ndi makwacha ku akaunti ndi kwina, kuti banki ikupatseni madola ndi kwina. Ngati mwini fakitale amagulitsa katundu kunja ndipo ali ndi madola ake, n'kwanzeru kuti zinthu zikuluzikulu agule yekha n'kuzipereka kwa womanga, kusiyana n'kuyembekezera kontilakitala wamng'ono amene ali kumapeto kwa mzere kubanki.

Ilipo njira yolipira zimene kontilakitala wagwiritsadi ntchito n'kuwonjezerapo phindu lake. Imathandiza pokonza mwachangu, monga moto ukaononga kapena madzi akakokolola, pamene palibe amene akudziwa kukula kwa ntchito. Pomanga chatsopano sindiilangiza pokhapokha pali denga la mtengo ndi munthu woona malisiti tsiku lililonse.

Zoona zake n'zakuti eni mafakitale apakatikati a kuno, opanga mafuta, ufa, sopo, mapulasitiki kapena zakumwa, satha kulipira kampani yaikulu ya makiyi. Amagula okha makina ku India, ku China kapena ku Turkey, n'kulemba womanga wakonkuno, wa zitsulo wina, wa magetsi winanso. Sindiinyoza njira imeneyi. Imatchipa, ndipo ndalama zambiri zimatsala m'dziko muno. Koma amene waisankha adziwe kuti wadzipanga yekha kukhala kontilakitala wamkulu, ndipo mpata uliwonse wa pakati pa amisiriwo ndi wake. Mutu umodzi susenza denga, choncho alembe injiniya mmodzi woyendetsa ntchito yonse, wokhala ndi mphamvu zolembedwa zoimitsa aliyense. Asaitane tenda ya faundeshoni asanalandire zojambula zomaliza za makina, zosainidwa ndi kudindidwa. M'pangano la ogulitsa makina alembemo tsiku lotumizira zojambulazo ndi chilango chake akachedwa, komanso kuti mmisiri wawo adzabwere kudzaona konkiriti isanathiridwe. Tikiti ya ndege ya mmisiriyo ndi yotchipa kuposa tsiku limodzi la kereni yongoima. Thiransifoma ndi kulumikiza magetsi kwa ESCOM, chilolezo cha mapulani ku khonsolo ya mzinda, ndi chilolezo cha zachilengedwe ku MEPA zilembedwe dzina la wozithamangira, pakuti zimenezi ndi zimene aliyense amaganiza kuti akuchita ndi mnzake.

Za ndalama zoyambira ndi zotsalira ndinene mwachidule. Ndalama yoyambira iperekedwe pokhapokha pali chikole cha kubanki kapena cha inshuwalansi. Pa malipiro aliwonse pamasungidwa kagawo, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, ndipo theka lake limadikira mpaka chaka chokonza zolakwika chithe. Chilango cha kuchedwa chikhale chofanana ndi zimene mungatayedi, osati choopsezera. Onani satifiketi ya kontilakitala ya ku bungwe loyang'anira zomangamanga m'dziko muno, kuti gulu lake likulola ntchito ya kukula kumeneko, kenako pitani mukaone ndi maso ntchito ziwiri zimene anamaliza, mukacheze ndi eni ake iye palibe. Ndipo mvula ilembedwe. Mvula ya December mpaka March si ngozi, imabwera chaka chilichonse, kontilakitala aiwerengeretu. Koma zonga namondwe Freddy wa mu March 2023, amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe, palibe kontilakitala angazisenze yekha. Pangano linene kuti zoterozo zikachitika nthawi iwonjezedwa motani, ndipo inshuwalansi ya ntchito ili m'dzina la ndani.

Pali anthu ena amene sakhala nawo patebulo losainirana, koma ndi amene amalandira mapeto a zonsezi. Pitani pageti la ntchito iliyonse ku Makata cha m'ma 6 koloko m'mawa, mukaone amuna ndi amayi ochokera ku Ndirande ndi ku Mbayani ataima ndi mafosholo awo. Mwini ntchito akakankhira vuto lonse kwa kontilakitala wamkulu, iyeyo amalikankhira kwa wamng'ono, wamng'onoyo n'kulikankhira kwa aganyu. Malipiro a pa 30 amafika pa 15 mwezi winawo, nsapato zachitetezo ndi zipewa zimasowa, makwerero amamangidwa ndi mabulugamu owola. Ndinaonapo mayi wotunga madzi a konkiriti akudikira pageti masiku atatu ndalama ya milungu iwiri, mwana ali kumsana, chifukwa cha mkangano wa ndime ya m'pangano imene iye sadzaiwerenga. Malamulo athu amafuna kuti kampani yakunja igawireko makampani a Amalawi gawo la ntchito losachepera 30 peresenti, ndipo n'zabwino, koma gawolo likabwera ndi mtengo wofinyidwa ndi malipiro ochedwa, limakhala goli. Masiku ano ndimapempha eni ntchito kuti alembe m'pangano kuti kontilakitala wamkulu asalandire ndalama ya mwezi uno asanasonyeze kuti ang'onoang'ono ndi antchito analipidwa ya mwezi watha. Ena amavomera, ena amati si nkhani yawo.

Bambo a ku Chirimba aja anaphonya gawo labwino la nyengo yogula soya chaka chimenecho, pakuti pamene makina ankayamba kulira mavenda anali atakweza kale mitengo. Anapirira. Patapita zaka zingapo anandiitananso kuti akuwonjezera makina achiwiri. Ulendo uno anagula okha makinawo ndi madola awo, womanga tinamulipira poyeza ntchito, ndipo injiniya mmodzi anapatsidwa udindo wa chilichonse chokhudza malire a konkiriti ndi chitsulo. Injiniyayo anakana kuti mabawuti amizidwiretu. Anauza akalipentala kuti akhome timabokosi tamatabwa n'kutiika m'faundeshoni, kuti konkiriti ikauma patsale maenje asanu ndi atatu otakasuka. Makina atafika, mabawuti analendewera m'maenjemo momasuka, mmisiri wa ogulitsa makina anagwada ndi levulo yake n'kumalowetsa tizitsulo topyapyala kunsi mpaka kadontho kanaima pakati, anasaina pepala, ndipo pokhapo m'pamene anyamata anasakaniza simenti yamadzimadzi n'kuithira m'maenje muja. Kereni inachoka isanakwane 12 koloko, ndipo bambo aja anatuma mwana kukagula mitolo iwiri ya nzimbe kuti anyamata atafune podikira kuti simenti igwire.